Mapiritsi amene ananenepetsa amayi anu

Tadala ndi Limbani, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kambirimbiri, ndipo zambiri mwa izo ndi za mbuzi zosochera ndi zipsera za m'miyendo. Ndiyambira pamene ndinavala gauni loyera koyamba, chifukwa pali nkhani ina ya ntchito yanga imene inalowa mpaka m'nyumba mwathu. Munaiona muli ana, koma palibe anakufotokozerani. Ndi nkhani ya matenda a amayi anu, ndi mankhwala amene ine ndinkawapatsa ndi dzanja langali.

Nambuma, chaka cha mavoti oyamba a matipate

Nditamaliza maphunziro a umedikolo asisitanti ananditumiza ku chipatala china chaching'ono cha kudera la Nambuma. Chinali ndi zipinda zinayi, mjigo umodzi, ndi mtengo wa mango umene odwala ankadikirirapo. Anthu ankanditchula kuti adokotala ngakhale sindinali dokotala, ndipo sindikana, dzinalo linkandikomera. Mkulu wanga anali a Chikuse, bambo wa imvi amene anagwira ntchitoyi kuyambira ine ndisanabadwe. Sankakonda kulankhula. Wodwala akalowa, iwo ankayamba amugwira manja, kuwatembenuza, kuyang'ana zikhadabo ndi mfundo za zala, kenako n'kufunsa chimene chamubweretsa. Kiyi wa chipinda cha mankhwala ankamumangirira pa lamba wa buluku lawo.

M'chipinda chimenecho munali chitini chimodzi chimene ankachiika pa shelefu ya pamwamba. Munali timapiritsi toyera totchedwa puledinisoloni, timene tinkapatsa anthu a mphumu chifuwa chikawatseka. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene ankaumirira nato chonsecho timathandiza msanga. Anandiyankha kuti vuto lake ndi lomwelo, timathandiza msanga, ndiye wodwala amatikonda, wopereka nayenso amatikonda, mpaka onse awiri amaiwala kufunsa kuti tisiya liti. Ndinavomera ndi mutu monga amachitira munthu wachinyamata amene akuganiza kuti wamva.

Amayi anu, Esinati, ndinawaonera komweko. Anali mphunzitsi wa Sitandade 6 pa sukulu ya mpingo, mwana wa mkulu wa mpingo amene analinso mphunzitsi. Anabwera ndi atsikana a m'kalasi mwawo kudzalandira katemera, ndipo anandidzudzula pamaso pa anawo chifukwa ndinawasiya padzuwa ola lathunthu ndikumwa tiyi. Lamulungu lotsatira ndinawamva akutsogolera nyimbo m'tchalitchi. Zolemba zawo pa bolodi zinali zoongoka ngati zosindikiza, moti mphunzitsi wamkulu ankawapatsa iwo ntchito yolemba mayina pa masatifiketi onse a sukulu. Tinakwatirana patatha chaka ndi theka, ndipo iwe Tadala unabadwira kumeneko.

Nsaru, zaka zisanu ndi chimodzi pambuyo pake

Anandisamutsira ku chipatala china kufupi ndi Nsaru, kumene ndinakhala woyang'anira kwa nthawi yoyamba. Kiyi wa mankhwala tsopano anali pa lamba wanga. Zinali zaka zowawa pa ntchito yathu. Edzi inali itafika pachimake, mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kumidzi, ndipo sabata sinkatha osamva kulira kuchokera kumudzi wina. Anthu anaphunzira kuyeza anzawo ndi maso. Munthu akangotsika thupi, pa msika ankayamba kumuwerengera masiku.

Iwe Limbani uli ndi miyezi inayi, amayi ako anayamba kudandaula kuti zala zikumauma m'mawa. Poyamba ndinati ndi kuchapa matewera m'madzi ozizira. Kenako mfundo za zala zinatupa, manja onse awiri mofanana, kenako mawondo ndi akakolo. Ankadzuka manja ali okhwinyata, osatha kumanga chitenje kapena kutsegula botolo la mafuta, mpaka dzuwa litakwera. Kusukulu choko chinkawapulumuka. Ndinawagwira manja monga ankachitira a Chikuse, ndipo ndinadziwa kuti si nyamakazi ya ukalamba ayi. Inali ija imene chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kumenyana ndi mfundo za mwini wake yemwe, ngati ndi mdani wochokera kunja. Ndinawapatsa aspirini, kenako indosidi. Ululu unkachepa pang'ono, koma m'mimba munkaotcha, chakudya chinawakanika, ndipo thupi linayamba kutha. Madiresi awo ankangolendewera.

Tinapita ku tauni tonse awiri kukayezetsa magazi, ndipo anatipeza opanda kachilombo. Koma pepala limenelo sungaliike pa chipumi n'kumayenda nalo pa msika. Makolo ena anapempha kuti ana awo awasamutsire ku kalasi ina. Pa zochitika za amayi kutchalitchi, mbale ya ndiwo imene iwo aphika inkabwerera yosakhudzidwa. Mayi wina amene ankayimba naye limodzi anasiya kuwapatsa mwana wake kuti amunyamule. Amayi anu si munthu wolira pagulu, koma tsiku limenelo anafika kunyumba, anakhala pa khonde osavula nsapato, ndipo anandiuza kuti ululu wa m'mafupa angathe kuupirira, koma maso a anthu awatopetsa.

Ku chipatala chachikulu cha m'tauni tinaima pa mzere kuyambira m'mawa mpaka masana. Amene anationa anali atatopa, kumbuyo kwathu kuli anthu osawerengeka. Anavomereza kuti ndi nyamakazi yomweyo, analemba puledinisoloni wa masabata awiri, n'kutiuza kuti tidzabwerenso. Patatha masiku atatu amayi anu anadzuka okha, anasesa pabwalo, anakubereka iwe Limbani kumbuyo, ine ndikungoyang'ana pa zenera. Sabata yomweyo anabwerera pa bolodi. Masabata awiri atatha mankhwala anatha, ndipo ululu unabwerera wonse. Ulendo wa ku tauni unali wa tsiku lathunthu, chipatala changa chinalibe wina wochisiyira, ndipo chitini cha mapiritsi omwewo chinali pa shelefu yanga. Ndinalemba m'kabuku kawo ka kuchipatala monga ndikanalembera wodwala aliyense, ndinatsegula chitini, n'kudziuza kuti ndi mwezi umodzi wokha.

Mwezi umenewo unakhala zaka zinayi. Chakudya chinayamba kuwakomera, masaya anadzaza, nkhope inakhala yozungulira, mimba ndi m'khosi zinanenepa. Anthu omwe aja ankawazemba anayamba kuwaimitsa panjira n'kumati, amuna anu a Phiri akukusungani bwino, eti. Ana amene anachotsedwa m'kalasi anabwerera. Telala wa pa Nsaru anawasokera madiresi atsopano, ndipo ine ndinkayenda pambali pawo Lamulungu mapewa ali m'mwamba. Ndinkaona ndithu kuti mikono ndi miyendo ikuonda pamene mimba ikukula, kuti akagunda pang'ono pa tebulo khungu limada, kuti ludzu lawachuluka. Zonsezi ndinaziphunzira kusukulu. Wodwala wachilendo akanalowa m'ofesi mwanga ali choncho ndikanazindikira asanakhale pansi. Koma awa anali akazi anga, ankaseka, ndipo ndinasankha kusayang'anitsitsa.

Kabudula, dzinja la chaka chachinayi cha mapiritsi

Tinali titasamukira ku chipatala china chakumudzi kudera la Kabudula. Kumeneko odwala ambiri anali matenanti a m'maesiteti a fodya, anthu ochokera kummwera, amene ankafika matenda atakula chifukwa choopa kusiya munda wa bwana. Dzinja limenelo mvula inagwa yambiri, kamlatho ka pa msewu wathu kanakokoloka, ndipo galimoto yobweretsa mankhwala sinafike. Panado anatha, mankhwala a malungo anatsala ochepa, magolovesi tinkachita kuchapa. Puledinisoloni wotsala ndinamupereka kwa mayi wina wa ku esiteti amene anabwera akubanika ndi mphumu. Sindinong'oneza bondo pa zimenezo, akanafa. Cholakwa changa chinali chakuti ndinauza amayi anu kuti apirire masiku ochepa galimoto ibwera, chonsecho ndinkadziwa kuti munthu amene wamwa mankhwalawa zaka saloledwa kusiya mwadzidzidzi. Thupi limakhala litasiya kupanga lokha chinthu chofanana nawo chimene limafunikira kuti magazi aziyenda bwino, ndipo likasowa zonse ziwiri limagwa.

Tsiku lachinayi anagwa pa mzere wa m'mawa kusukulu, ana akuimba. Aphunzitsi anzawo anawabweretsa pa ngolo ya ng'ombe. Anali akusanza, thukuta lozizira, ndipo nditayeza kuthamanga kwa magazi ndinabwereza kawiri chifukwa sindinakhulupirire kutsika kwake. M'kabokosi ka zadzidzidzi munali kabotolo kamodzi ka jakisoni wa mtundu wa mankhwala omwewo. Ndinachedwa nako moti namwino wathu, a Sisitala Nankhoma, anandilanda jakisoniyo n'kubaya okha, anaika diripi, n'kundiuza kuti ndituluke ndikafune galimoto. Thirakitala ya ku esiteti ndi imene inatiwolotsa mpaka pamene ambulansi inatha kufika.

Ku chipatala chachikulu anagona masabata awiri. Amene ankawaona anali a Dokotala Mbewe, mayi wamfupi wa magalasi, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku maphunziro a matenda a akuluakulu. Amayi anu atapeza mphamvu, adokotalawo anatiitanira m'kachipinda kawo, anatsegula kabuku ka kuchipatala, n'kumatembenuza masamba mwakachetechete. Tsamba lililonse linali ndi zolemba zanga. Sanandikalipire. Anangofunsa ngati amene analemba zonsezi ndine, ndipo nditavomera anatiuza kuti shuga wa amayi anu wakwera, kuthamanga kwa magazi nakonso kwayamba kukwera, ndipo zithunzi zikuonetsa kuti mfundo za zala zakhala zikudyeka zaka zonsezi ngakhale ululu unabisika.

Amayi anu anafunsa kuti zingatheke bwanji munthu wonenepa chonchi kukhala akudwala. Yankho la adokotala ndinalilemba kuseri kwa kabuku tsiku lomwelo, chifukwa ngakhale ine sindinkazidziwa. Kusukulu anatiphunzitsa kuti mafuta a m'thupi ndi nkhokwe chabe, chakudya chosungidwa.

“Mayi, mafuta a m'thupi sakhala phee ngati mafuta a m'botolo,” anatero a Dokotala Mbewe. “Ndi amoyo. Amatulutsa timadzi tina totchedwa mahomoni, timene timalowa m'magazi n'kumapereka mauthenga. Ena amauza ubongo kuti mwakhuta. Ena amathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga. Ena amakolezera kutupa komwe kuli m'mfundo zanuku. Nyamakazi yanu inasokoneza kale mauthenga amenewa, n'chifukwa chake munaonda poyamba paja. Mapiritsiwa anaziziritsa kutupa, zimenezo n'zoona, koma anasokonezanso mauthengawo mwanjira ina. Anakupatsani njala yosatha, anachotsa mnofu m'mikono, anaunjika mafuta pamimba, ndipo mafuta a pamimba ndi amene amavutitsa kwambiri pa nkhani ya shuga ndi mtima. Zonse za mahomoniwa sitinazimvetse ngakhale ifeyo. Koma chimene ndikuchiona pa inu chikundikwanira kunena kuti tikapitiriza chonchi, sitifika patali.”

Anafotokoza njira ina. Panali mankhwala otchedwa metotirekiseti, omwa kamodzi pa sabata, amene amakhazika pansi chitetezo chosokonekeracho m'malo mongobisa ululu, ndipo anati awaphatikiza ndi kolorokwini, yemwe uja tinkachizira malungo kale. Ankafuna kuyezetsa magazi mwezi ndi mwezi m'tauni, ndipo kubereka kunayenera kuthera pomwepo. Puledinisoloni anayenera kumachepetsedwa pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri. Sanabise kuti mankhwala atsopanowo amachedwa kugwira, kuti pakati pamenepo ululu udzabwerera, ndiponso kuti thupi lidzatsika. Amayi anu atamva mawu omalizawo anayang'ana pansi. Potuluka, adokotala anandiitana ndekha n'kundiuza kuti kuyambira tsiku limenelo ndine mwamuna wa wodwala, kabuku azilembamo ndi iwo. Ntchito yanga inali imodzi, kupereka mlingo umene alemba, osawonjezera ngakhale theka la piritsi.

Pobwerera tinakwera minibasi. Titadutsa Chitedze amayi anu anandifunsa motsitsa mawu ngati ndikufuna kuti abwerere kuja anthu ankawawerengera masiku. Ndinati ndikufuna adzaone ukwati wa Tadala. Anati nawonso akufuna, koma anandikumbutsa kuti ine sindinakhalepo munthu amene mbale yake imabwerera yosakhudzidwa.

Sabata yomweyo ndinapeza kalata pa tebulo langa. Anali atandisankha kupita ku maphunziro okweza udindo, amene ndinawapempha zaka zisanu zotsatizana. Anali a zaka ziwiri, kutali ndi kwathu. A Sisitala Nankhoma anandiuza kuti mwayi wotere subwera kawiri, ndipo ananena zoona, sunabwerenso. Ndinalemba kalata yothokoza ndi kukana, ndi ina yopempha kuti andisamutsire kufupi ndi msewu wa tara.

Mpingu, chaka chotsatira

Anatipatsa malo kudera la Mpingu, kumene minibasi ya ku tauni inali pafupi. Amayi anu anapeza malo pa sukulu yoyandikana nafe. Mwezi uliwonse tinkapita kukayezetsa magazi, a Dokotala Mbewe n'kuchepetsa mlingo pang'ono. Mapiritsi a mwezi wonse ndinkasunga ine. Ndinawaika m'kachitini, n'kukabisa pamwamba pa khoma la kuchipinda kuseri kwa mtanda wa denga, pamene ndinkakhulupirira kuti palibe akudziwa. M'mawa uliwonse iwo akapita kukasamba ndinkakwera pa mpando, kutenga za tsikulo, n'kuziika pa sosala pambali pa kapu ya madzi.

Miyezi iwiri yoyamba inadutsa bwino. Mwezi wachitatu unakumana ndi nyengo yozizira ya Juni, ndipo nyamakazi inabwerera ndi ukali umene ndinali ndisanauonepo. Metotirekiseti ankawachititsa nseru tsiku lonse lotsatira. Ndinkadzuka m'mamawa kutenthetsa madzi, kuwaviika manja m'beseni mpaka zala zitayamba kutambasuka, kenako kuwaveka bulauzi ndi kuwamanga duku. Duku loyamba limene ndinamanga linagwa asanafike pa geti. Iwe Tadala unali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ukukumbukira kuti unkaseka mamangidwe anga. Kusukulu ankaphunzitsa atakhala pansi, ndipo mphunzitsi mnzawo ankawalembera pa bolodi nthawi yopuma. Nkhope inayamba kuphwa. Mayi wina wa pa msika anawafunsa ngati zonse zili bwino kunyumba, ndi mawu aja amene tinkawadziwa.

Lachiwiri lina m'mawa analephera kudzuka. Mawondo anali atatupa ngati maungu ang'onoang'ono, ndipo ngakhale bulangete linkawapweteka likakhudza zala. Tsiku limenelo ana awo a Sitandade 8 ankayamba mayeso oyeserera, ndipo anali atawalonjeza kuti adzakhalapo. Nditabweretsa sosala anayang'ana piritsi limodzi ndi theka limene linalipo, kenako anandiyang'ana ine.

“Abambo a Tadala, ndiwonjezereni awiri. Lero lokha.”

Ndinati sindingathe, adokotala anakana.

“Adokotala ali ku tauni. Inu muli pano, mukundiona. Zaka zinayi munkandipatsa osakufunsani. Lero ndakupemphani ndi pakamwa panga, mukundimana?”

Ana anga, ndagwira ntchito zaka zambiri, ndauzapo anthu kuti mwana wawo wamwalira, ndasankhapo woti alandire botolo lomaliza la diripi pakati pa anthu awiri. Palibe chimene chinandilemera ngati m'mawa umenewo. Kachitini kanali pamwamba pa mutu wanga, mpando uli pomwepo. Ndinkadziwa kuti ndikawapatsa, pofika masana ayenda. Ndinkadziwanso kuti mawa adzapemphanso, ine ndidzaperekanso, chifukwa ndinali nditadziona kale mmene ndilili. Ndinagwada pambali pa bedi, ndinati, “Esinati, ndinakulakwirani zaka zinayi chifukwa chokukondani molakwika. Sindibwereza. Mudane nane, koma mukhale moyo.” Anatembenukira kukhoma.

Ndinaimbira foni a Dokotala Mbewe kuchokera ku ofesi. Anati ndiwabweretse Lachisanu, ndipo pakali pano ndiwapatse panado ndi kuwafunditsa nsalu zofunda m'mawondo. Kwa masiku atatu amayi anu sanandilankhule. Ndinkawaviika manja, ndinkawamwetsa phala ndi supuni, ankalandira, koma maso ali kumbali. Chimene akufuna ankauza iwe Tadala kuti undiuze, ine ndili pomwepo. Lachisanu adokotala anachotsa madzi m'bondo limodzi ndi jakisoni, anabaya mankhwala m'bondo momwemo, anakweza pang'ono metotirekiseti, koma puledinisoloni sanamuwonjezere. Anauza amayi anu kuti apirire masabata ena anayi kapena asanu ndi limodzi.

Zinatenga masabata asanu ndi awiri. Kusintha kwake sikunali kodabwitsa ngati kwa mapiritsi oyamba aja. Tinangozindikira tsiku lina kuti madzi a m'beseni sanazizire koma zala zatambasuka kale. Sabata ina anamanga okha duku. Pofika nthawi yokolola ya chaka chotsatira anali atasiyiratu puledinisoloni, shuga anatsika popanda mankhwala, ndipo mimba inabwerera. Anakhala munthu wa thupi lapakati, wosanenepa, wosaonda. Anthu analankhula miyezi ingapo, kenako anatopa, chifukwa munthu amene ankamuyembekezera kugwa ankangopitabe kusukulu m'mawa uliwonse. Zala zimene zinadyeka sizinawongokenso. Masatifiketi anasiya kulemba, ndipo ndikudziwa kuti zinawapweteka, ngakhale sananene.

Pa ntchito ndinasintha. Ndinayamba kuyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi kwa aliyense amene wamwa puledinisoloni kupitirira masabata ochepa, ndipo pa kabuku ndinkalemba tsiku loyamba ndi tsiku losiya. Ndinayambanso kuona zimene kale ndinkazidutsa. Kunabwera mayi wina wa ku Phalombe, tenanti pa esiteti ina, nkhope yozungulira, mikono yoonda, zala zotupa. Ankagula mapiritsiwo pa msika kwa ogulitsa mankhwala a pa mphasa, kuti athe kusoka fodya ndiponso kuti mwamuna wake asamuthamangitse chifukwa choonda. Ndinamufotokozera za mafuta ndi mauthenga ake mmene ndinathera, koma ankangovomera mwaulemu, ndipo ndinaona kuti akatuluka akagulanso. Ndinatuma uthenga kunyumba. Amayi anu anabwera ataweruka, anakhala naye pa benchi kunja, anamuonetsa manja awo. Zimene anakambirana sindinazimve. Lolemba lotsatira anakwera naye minibasi kupita kwa a Dokotala Mbewe, ndipo pambuyo pake anaperekezanso ena atatu m'zaka zimene tinakhala pa Mpingu. Mankhwala atsopanowo nawonso ankasowa nthawi zina, ndipo tinkayendayenda m'mafamase a m'tauni kuwafunafuna, koma sitinabwererenso ku chitini chija.

Namitete, nditapuma ntchito

Ndinapuma ndili pa udindo womwe ndinayambira. Anzanga amene anapita ku maphunziro aja anakhala mabwana anga, ndipo ena ankachita manyazi kundituma. Ine sizinkandivuta. Amayi anu anaphunzitsa mpaka zaka zawo zinakwana, anavina pa ukwati wako Tadala, ngakhale anavina atagwira mkono wanga. Pano tili pa kamunda kathu ka ku Namitete. Amamwabe mapiritsi awo Lolemba lililonse, ndipo miyezi yozizira imawavutabe.

Nditamaliza kulemba mutu uno ndinawawerengera pa khonde masana ena, tikusola mtedza. Anamvetsera osandidula mpaka pa nkhani ya Lachiwiri lija. Pamenepo anati ndalakwitsa, sanali masiku atatu, anali asanu. Ndinati chabwino ndikonza, koma anati ndisakonze, pali china chachikulu chimene ndasiya. Anandifunsa ngati ndinkaganizadi kuti sankadziwa kumene kachitini kanali. Anati miyendo ya mpando inkasiya zizindikiro pansi m'mawa uliwonse, ndipo amene ankasesa m'chipindamo ndi iwo.

“Tsiku lachiwiri la kusalankhulana kuja, inu mutapita ku ntchito, ana ali kusukulu, ndinakwawa mpaka pa khoma,” anatero. “Ndinakagwetsa ndi mpini wa tsache. Chivindikiro ndinatsegula ndi mano. Ndinathira mapiritsi onse pa chitenje, ndinakhala nawo mpaka belu la kusukulu linalira.”

Ndinafunsa kuti anamwa angati.

“Ngakhale limodzi. Ndinawabwezera. Chovuta chinali kukabweza pamwamba paja. Ndinaitana mayi a nyumba yoyandikana nafe, ndinawauza kuti kagwa kokha.”

Ndinasiya kusola, mtedza uli m'manja. Zaka zonsezi ndinkadziona ngati munthu amene anaima nji pa tsiku lovuta, ndipo ndinali nditazilemba choncho kuti inu mudzawerenge. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati ndinali nditataya maphunziro anga chifukwa cha iwo, ndinali ndikuyenda ndi nkhope ya munthu wolakwa, ndiye anaona kuti ndikufunika kukhala ndi chinthu chimodzi chimene ndingamati ndinachita bwino. Kenako anandikankhira lichero ndi chigongono n'kunena kuti ndilembe zimenezo mmene anenera, ndisakometse, ndipo ndikamaliza ndipitirize kusola chifukwa mulu wanga ukuchepa kuposa wa munthu wa zala zopindika.